Chikhulupiriro cha Tsiku ndi Tsiku: Phunziro Lochokera ku Namitambo

Mawu a Mulungu oti tiwerenge: Eksodo 16:13-21, Luka 22:31-34 ndi 54-62, Ahebri 10:23-39 ndi 12:1-3

Abale ndi alongo mwa Khristu, mwa ana amene timawakonzekeretsa sakramenti la Ulimbitso chaka ndi chaka, si onse amene timawaonabe m'tchalitchi pakatha zaka zitatu. Aliyense amene waphunzitsako katekisimu pa parishi ino akudziwa zimenezi. Pa tsiku la mwambo tchalitchi chimadzaza, zithunzi zimajambulidwa, mpunga ndi nkhuku zimadyedwa. Kenako mayina amayamba kusowa m'kaundula wa mphakati, limodzilimodzi. Ndipo si ana okha, akuluakulufenso n'chimodzimodzi. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kulengeza kuti wamusiya Mulungu. Munthu amangojomba Lamulungu limodzi chifukwa cha ntchito, lina chifukwa cha maliro, lina chifukwa chosowa ya minibasi, mpaka njira ya kutchalitchi imamera udzu.

Kuyamba moyo wachikhristu n'kosavuta. Funso la phunziro lathu ndi ili: chimene chimamufikitsa munthu kumapeto n'chiyani? Yankho lake lili m'Malembo Oyera, koma ine ndinayamba kulimvetsa ndili kwathu ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, poona anthu awiri amene ankamwa mankhwala ofanana.

1. Anthu awiri, mankhwala amodzi

Akuluakulu a ku Namitambo amasimba kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makasu a adzukulu sankapuma. Edzi inkatenga anthu a mphamvu zawo, ana n'kutsala ndi agogo. Mu 2001 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka mankhwala a ma ARV m'boma la Chiradzulu. Nthawi imeneyo akuluakulu ena a m'mayiko olemera ankanena poyera kuti anthu a ku Africa sangathe kumwa mankhwalawa pa nthawi yake chifukwa ambiri alibe wotchi. Anthu a ku Chiradzulu anaonetsa kuti zimenezo zinali zabodza. Patapita nthawi mankhwalawo anafika m'zipatala zazing'ono, kuphatikizapo cha ku Namitambo, kuti odwala asamayende mtunda wautali kupita kuboma. Boma la Malawi linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'dziko lonse mu 2004.

Pafupi ndi kwathu panali mayi wina amene anayamba kumwa mankhwalawa atatheratu thupi. Masiku amenewo ankamwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Wotchi analibedi, koma ankayendera nthawi ya nkhani za pawailesi. Kaya kwagwa maliro, kaya ndi nthawi yokolola, kaya m'nyumba mulibe ufa, kabotolo kake sankakaiwala. Lero ali moyo, amalima, ndipo akulera zidzukulu.

Panalinso bambo wina amene anayamba mankhwala nthawi yomweyo. Anapeza bwino msanga, thupi linabwerera, anabwera m'tauni muno kudzachita geni. Tsiku lina anapita ku mapemphero kumene anauzidwa kuti wachira ndipo kupitiriza mankhwala n'kukayikira Mulungu. Anataya botolo. Miyezi yoyamba ankaoneka wathanzi, ndipo ankachitira umboni pamaso pa anthu. Koma mankhwalawa sachotsa kachilombo m'thupi, amangokaletsa kuswana. Munthu akasiya kumwa, kachilomboko kamachulukanso mwakachetechete, ndipo nthawi zina kamasiya kumva mankhwala amene ankagwira ntchito kale. Bambo aja tinakawaika m'manda akumudzi, ana awo akadali kusukulu ya pulayimale.

Ndimveke bwino apa. Sindikunena kuti HIV ndi tchimo kapena chilango. Ambiri mwa ife tikumwa mankhwalawa, ena tinabadwa nako kachilomboko, ndipo palibe chochititsa manyazi. Sindikunenanso kuti pemphero lilibe mphamvu. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kupemphera tikadwala, komanso kulemekeza dokotala ndi mankhwala chifukwa nzeru zake n'zochokera kwa Mulungu. Ngati alipo wina pakati pathu amene wauzidwa kuti asiye mankhwala chifukwa chakuti wapemphereredwa, chonde abwerere kuchipatala sabata ino.

Chimene ndikufuna tione n'chakuti, mwa anthu awiriwa, amene ankaoneka wa chikhulupiriro champhamvu ndi bambo uja. Koma amene anapirira ndi mayi uja, ndipo kupirira kwake kunalibe phokoso. Kunali kanthu kakang'ono kobwerezedwa tsiku lililonse. Moyo wa chikhulupiriro umayendanso motero.

2. Mana sagonetsa

Aisraele ali m'chipululu, Mulungu anawadyetsa mana. Tikawerenga Eksodo 16 tipeza lamulo lodabwitsa: aliyense atole zokwanira tsiku limenelo basi. Ena sanamvere Mose, anasungako za mawa, ndipo kutacha anapeza zagwa mphutsi ndi kununkha. Tsiku lokhalo limene ankaloledwa kutola za masiku awiri linali loyandikana ndi Sabata.

N'chifukwa chiyani Mulungu sanangowapatsa nkhokwe yodzaza ya chaka chonse? Chifukwa chimene ankafuna kuwaphunzitsa sichinali kukhuta kokha, koma kumudalira. Munthu wa nkhokwe yodzaza amakhulupirira nkhokwe. Munthu wotola m'mawa uliwonse amakhulupirira wopatsayo. N'chifukwa chake m'pemphero limene Ambuye Yesu anatiphunzitsa timapempha chakudya cha tsiku limodzi, osati cha chaka.

Ambiri mwa ife tikuyesa kukhalira mana a dzana. Tinamva kukoma kwa Mulungu pa m'bindikiro wa achinyamata zaka zisanu zapitazo, kapena pa tsiku la ukwati wathu, kapena pamene mwana anachira, ndipo tikuganiza kuti zimenezo zitifikitsa kumanda. Sizingatheke. Chikhulupiriro cha dzulo chinali cha dzulo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 162, amanena mosabisa kuti chikhulupiriro ndi mphatso yaulere imene tingathe kuitaya, ndipo kuti tikhale nacho mpaka kumapeto tiyenera kuchidyetsa ndi Mawu a Mulungu, kupempha Ambuye kuti achikulitse, ndi kuchionetsa m'ntchito za chikondi.

Onani kuti bambo wa ku Namitambo uja sanasiye mankhwala pamene anali kudwala. Anasiya atapeza bwino. Ifenso nthawi yoopsa kwambiri si ya mavuto yokha. Pa nthawi ya mayeso, ya matenda kapena yofunafuna ntchito, kolona sachoka m'manja. Koma ntchito ikapezeka, malipiro akayamba kulowa, Lamulungu limasanduka tsiku lochapa, logona ndi loonera mpira. Timati tili bwino, osadziwa kuti m'kati mwayamba kuuma.

3. Kalata yolembera akhristu otopa

Kalata ya kwa Ahebri inalembedwa kwa akhristu amene sanali atsopano. Pa mutu 10, ndime 32 mpaka 34, wolembayo akuwakumbutsa masiku awo oyamba: ananyozedwa pagulu, anathandiza anzawo amene anali m'ndende, analandidwa katundu koma sanabwerere m'mbuyo. Anthu amenewa anapambana mayeso aakulu. Chimene chinkawagonjetsa tsopano chinali kutopa. Zaka zinkapita, Ambuye sanabwere msanga monga ankayembekezera, ndipo pa ndime 25 tikumva kuti ena anali atazolowera kujomba ku misonkhano ya mpingo.

Kodi si ife amenewa? Mnyamata wamaliza maphunziro a kuyunivesite, wapemphera zaka zinayi, makalata ofunsira ntchito watumiza osawerengeka, koma foni siilira. Banja lakhala zaka khumi likupempha mwana. Mayi wapirira mwamuna woledzera mpaka mphamvu zamuthera. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Ena tinataya abale ndi nyumba ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo funso lakuti Mulungu anali kuti silinatichoke mumtima. M'kutopa kotereku ndi mmene mawu a anthu olonjeza zozizwitsa za lero lomwe amamveka okoma.

Wolemba kalatayi sakuwalonjeza kuti mavuto atha mawa. Akuchita zinthu zitatu. Choyamba, pa mutu 11, akuwawerengera mayina a makolo: Abele, Nowa, Abrahamu, Sara, Mose ndi ena ambiri, n'kunena kuti ambiri mwa iwo anamwalira asanalandire zonse zimene analonjezedwa, komabe sanaleke kukhulupirira. Chachiwiri, pa mutu 12, akufanizira moyo wachikhristu ndi mpikisano wothamanga, n'kuwauza kuti maso awo akhale pa Yesu, amene anapirira mtanda. Chachitatu, akuwauza kuti asasiye kusonkhana ndi kulimbikitsana.

Choncho chikhulupiriro si kutsimikiza kuti ndipeza chimene ndikufuna pofika December. Chikhulupiriro ndi kudalira kuti amene analonjeza ndi wokhulupirika, ngakhale pamene nthawi yake sikugwirizana ndi yanga. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

4. Wopirira si amene sanagwepo

Pali bodza limene latsekereza akhristu ambiri kunja kwa tchalitchi. Bodzalo limati: "Ine ndinalephera kale. Ndinasiya kulandira Ukaristia zaka zambiri zapitazo. Ndikapita anthu andiyang'ana." Tiyeni tione Petulo.

Pa Luka 22, usiku wa Mgonero Wotsiriza, Petulo analumbira kuti ali wokonzeka kupita kundende ngakhale kukafa pamodzi ndi Ambuye. Tambala asanalire anali atawakana katatu. Usiku womwewo Yudasi anawapereka. Onse awiri anagwa, onse awiri anamva chisoni. Kusiyana kwawo n'kwakuti Yudasi anapita yekha ndi chisoni chake, pamene Petulo analira n'kubwerera kwa anzake. Pa Yohane 21 tikumupeza m'mbali mwa nyanja, Ambuye akumufunsa katatu za chikondi chake ndi kumupatsanso udindo woweta nkhosa.

Koma taonani chimene chinachitika Petulo asanagwe. Pa ndime 31 ndi 32, Yesu anamuuza kuti adzayesedwa, ndipo anamuuzanso kuti wamupempherera kale kuti chikhulupiriro chake chisathe. Chimene chinamupulumutsa Petulo si malumbiro ake, koma pemphero la Yesu. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kupirira mpaka kumapeto si mphotho ya anthu ouma mtima, ndi chaulere cha Mulungu chimene tiyenera kuchipempha. Augustine Woyera, mwana wa Africa, analemba buku lonse chakumapeto kwa moyo wake lofotokoza kuti kupirira ndi mphatso. Iye ankadziwa chimene ankanena. Mayi ake, Monica Woyera, anamupempherera zaka zambiri ali wosochera, mpaka anabatizidwa ndi Ambrose Woyera ku Milan mu 387, chaka chomwecho chimene mayi akewo anamwalira.

Kuchipatala, munthu amene wasiya mankhwala akabwerera samuthamangitsa. Amamuyeza, amakamba naye, n'kumuyambitsanso. Ndipo pali alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka amene amatsatira m'midzi anthu amene sakuonekanso pa tsiku lawo. Ngati chipatala chimachita zimenezi, nanga Mpingo? Sakramenti la Kulapa ndi khomo lobwererapo, ndipo silitsekedwa. Ngati pali chimene chikukuletsani kulandira masakramenti, monga nkhani ya ukwati umene sunadalitsidwe, musadzigamulire nokha mlandu muli kunyumba. Bwerani mudzakambe ndi Bambo Mfumu. Nkhani zambiri zimene anthu amaziona ngati phiri zili ndi njira yake.

5. Matchalitchi awiri amene anagwa mu 1915

Boma lomwelo la Chiradzulu lili ndi phunziro lina. Mu 1900 M'busa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Mu 1903 ansembe a chipani cha Montfort, amene anayamba ntchito yawo ku Nzama mu 1901, anatsegula mishoni ya Nguludi. Pa 23 January 1915 Chilembwe ndi anthu ake anaukira atsamunda chifukwa cha thangata, nkhanza za m'minda ya azungu, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo imene sinali yawo. M'chipwirikiti chimenecho, pa 26 January, mishoni ya Nguludi inatenthedwa ndipo Bambo Swelsen anavulazidwa. Asilikali a boma nawo anagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 February.

Tangoganizani mkhristu wamba wa nthawi imeneyo, wa ku Nguludi kapena wa ku Mbombwe, ataima pa phulusa ndi zigumukire za njerwa. Akanatha kunena kuti za Mulunguzi zathera pomwepa. Koma Nguludi inamangidwanso. Lero kuli chipatala cha St. Joseph, sukulu ya anamwino, koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, ndi Yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006. Ku Mbombwe mishoni inakhala yotsekedwa zaka zoposa khumi, mpaka Dr. Daniel Sharpe Malekebu anaitsegulanso mu 1926, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Mabuku a mbiri amatchula mayina a atsogoleri. Koma amene anasunga moto pa zaka zovutazo ndi anthu amene mayina awo sanalembedwe: amayi amene ankaphunzitsa ana awo mapemphero madzulo, aphunzitsi a m'midzi, akatekisti amene ankasonkhanitsa anthu Lamulungu wansembe kulibe. Mpaka lero m'matchalitchi ambiri a kumidzi wansembe safika Lamulungu lililonse. Akhristu amasonkhanabe, amamva Mawu, amaimba, amapereka chopereka, n'kudikira tsiku la Misa. Ife kuno tili ndi Misa Lamulungu lililonse ndiponso m'kati mwa sabata, koma ndife amene timatopa msanga.

6. Tichite chiyani sabata ino?

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Musalonjeze zazikulu zimene muzisiya Lachitatu. Nazi zinthu zisanu zimene aliyense angathe.

Choyamba, sankhani nthawi imodzi ya pemphero tsiku lililonse, ndipo imangirireni ku chinthu chimene mumachita kale, monga mayi uja anamangirira mankhwala ake ku nkhani za pawailesi. Ikhoza kukhala nthawi imene madzi osamba ali pamoto, kapena muli m'minibasi popita kuntchito. Mphindi khumi n'zokwanira poyamba. Pempherani ngakhale tsiku limene simukumva chilichonse. Mankhwala sagwira ntchito chifukwa chakuti akukoma.

Chachiwiri, werengani Mthenga Wabwino wa tsiku limenelo. Foni yomwe imatidyera maola pa WhatsApp ndi pa Facebook ikhoza kutipatsanso mawerengo a Misa.

Chachitatu, Misa ya Lamulungu isakhale nkhani yokambirana ndi thupi m'mawa uliwonse. Gamulani kamodzi kuti mumapita. Amene mumagwira ntchito Lamulungu m'zipatala, m'masitolo kapena ya ulonda, kambiranani ndi Bambo Mfumu za nthawi ina imene mungamabwere.

Chachinayi, bwererani ku mphakati. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, kudzera mu AMECEA, anaika miphakati patsogolo pa ntchito ya Mpingo m'zaka za m'ma 1970 chifukwa anadziwa kuti m'tchalitchi chodzaza munthu akhoza kusowa popanda womuzindikira. Kumudzi ukajomba, madzulo omwewo wina amafika pakhomo kudzazonda. M'tauni tikhoza kukhala mpanda umodzi osadziwana mayina. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu, ganizirani munthu mmodzi amene munkakhala naye pa benchi koma simukumuonanso. Muimbireni foni kapena mukamuone. Musapite ndi mlandu, pitani ndi moni. Mwina akudwala, mwina ntchito inatha, mwina wina wa ife anamulankhula mawu olasa. Mverani kaye, kenako muuzeni kuti malo ake alipobe.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi nthawi iti imene pemphero linakuvutani kwambiri: pa mavuto kapena zinthu zikuyenda bwino? Chifukwa chiyani?

2. Werengani Ahebri 10:32-36. Ndi zinthu ziti zimene zikutopetsa akhristu a m'dera lathu lino masiku ano?

3. Petulo atagwa anapeza anzake oti abwerereko. Kodi mphakati wathu ndi malo amene munthu wolakwa angabwerere popanda kunyozedwa?

4. Tingathandize bwanji abale amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali, monga a HIV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, kuti asasiye?

5. Ndani amene mphakati wathu ukamuyendere mwezi uno?

Pemphero

Ambuye Yesu, munapempherera Petulo iye asanadziwe n'komwe kuti adzagwa. Tipempherereni ifenso. Mukudziwa amene atopa pakati pathu, amene akudikira yankho zaka zambiri, ndi amene akuchita manyazi kubwerera. Tipatseni chikhulupiriro chokwanira lero, ndipo mawa mutidzutse kuti tidzatolenso. Dalitsani odwala ndi onse owasamalira, kuno ndi kumidzi kwathu. Amayi Maria, amene munaima pansi pa mtanda osathawa, mutipempherere kuti tikhale okhulupirika mpaka tsiku lathu lomaliza. Amen.